Musanakweze galimoto ya maulendo a m'tchire, ipimeni kaye pa sikelo

Munthu akamakonzekera ulendo wautali wa m'misewu yoipa, funso limene amabwera nalo kwa ine ndi lakuti: ndiikweze mainchesi angati? Ine ndimamufunsa kuti galimotoyo ikadzaza imalemera bwanji, ndipo nthawi zambiri sadziwa. Komatu apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Ntchito ya masipuling'i ndi kusenza katundu ndi kusunga matayala pansi. Mukasankha ogwirizana ndi katundu amene mumanyamuladi, galimoto imakwera yokha pang'ono, ndipo kukwera kumeneko kumakwanira. Mukayambira pa kutalika, ndalama zanu zidzathera pa zitsulo zokonzera mavuto amene kutalikako kwabweretsa.

Pali chinthu china chofunika kuchimvetsa msanga. Pa galimoto ya ekiselo yathunthu, ija yolumikiza matayala awiri ndi chitsulo chimodzi, malo otsikitsitsa ndi difu, bokosi la magiya la pa ekiseloyo. Masipuling'i ataliatali amakweza chassis ndi thupi la galimoto, koma difu imatsala pomwe inali chifukwa imakhalira pa matayala. Mwala umene unkaigunda dzulo udzaigundabe mawa. Chimene chimakweza difu ndi tayala lalikulu basi, ndipo imakwera ndi theka lokha la kusiyana kwa matayalawo. Tayala la 265/65R17 ndi lalitali pafupifupi mamilimita 776, la 265/70R17 limafika 803. Kusiyana ndi 27, choncho difu yakwera mamilimita 13 okha. Nanga phindu la kukweza lili pati? Mimba ya galimoto imadutsa pamwamba pa chitunda popanda kukakamira, bampala siikumba dothi potsikira mumtsinje wouma, tayala lokulirapo limapeza malo. Koma chachikulu kwa ine n'chakuti galimoto yodzaza imatsalabe ndi mpata pakati pa ekiselo ndi bump stop, kamphira kaja koletsa ekiselo kumenya chassis. Mpata umenewo ndi umene umapulumutsa galimoto mukagwera m'dzenje limene simunalione.

Pitani pa sikelo itadzaza

Musagule sipuling'i ngakhale imodzi musanamalize kumangirira zolemera zonse zimene zizikhala pa galimotoyo nthawi zonse: bampala yachitsulo, winchi, batire yachiwiri, madilowa akumbuyo, filiji, tenti yapadenga, thanki ya madzi. Zikatha izi, dzazani mafuta ndi madzi, longedzani monga mmene mudzachitire tsiku lonyamuka, kwezani amene mudzayende nawo, mupite pa sikelo yopimira magalimoto. Pimani katatu: yonse, kenako matayala akutsogolo okha ali pa sikelo, pomaliza akumbuyo okha. Tsiku lina mudzabwererenso itatsala ndi zomangirira zokhazokha, mmene imayendera masiku wamba. Manambala onsewa alembeni m'kope.

Katundu wa pa ulendo amachuluka mwakabisira. Lita imodzi ya madzi ndi kilogalamu imodzi, ndiye thanki ya malita 60 ndi makilogalamu 60 musanawerengere thanki yeniyeniyo. Dizilo ndi wopepukirapo, pafupifupi magalamu 840 pa lita, komabe zigubu ziwiri zachitsulo za malita 20 zimafika makilogalamu 40. Bampala yachitsulo ndi winchi zikaphatikizana zimayandikira makilogalamu 100, zonsezo zili lendee patsogolo pa matayala akutsogolo. Anthu amene mwakwera nawo nawonso ndi katundu.

Pa chipilala cha chitseko kapena m'chipinda cha injini mupeza kachitsulo kapena kapepala kolembedwa GVM, kulemera kotsiriza kumene wopanga galimoto analola. Pomwepo kapena m'buku la galimoto mulinso malire a ekiselo iliyonse payokha, ndipo ine ndimayang'anitsitsa a kumbuyo, chifukwa ndi amene amapyoledwa GVM isanakwane n'komwe. Chifukwa chake n'chosavuta. Tenga galimoto imene kuchokera pa tayala lakutsogolo kufika pa lakumbuyo pali mamita 3. Ukapachika katundu wa makilogalamu 100 mita imodzi kuseri kwa ekiselo yakumbuyo, monga amachitira ndi matayala apadera ndi zigubu, ekiseloyo imasenza makilogalamu 133, ndipo kutsogolo kumapepuka ndi 33. Siteling'i imapepuka, mabuleki akutsogolo sagwira bwino. Musanaganize za masipuling'i olimba, sunthani zolemera zilowe pakati pa maekiselo awiri, pansi kwambiri. Padenga pazikhala zopepuka zokha.

Ndipo sikelo ikakuuzani kuti mwapyola malire, tsitsani katundu. Masipuling'i olimba amabisa kulemerako, galimoto n'kuoneka yowongoka, koma mabuleki, mabeling'i, malimu ndi chassis zimakhala zomwe zija.

Pobwerera kunyumba imikani galimoto pamalo athyathyathya, mutenge tepi. Yezani kuchokera pakatikati pa tayala kufika pa mlomo wa madigadi, matayala onse anayi, ikadzaza komanso ilibe katundu. Ndimayezera pakati pa tayala chifukwa mpweya wa m'tayala sungasokoneze muyesowo. Kenako ikani jeke pa chassis, mukweze mpaka tayala lilendewere, muyezenso. Kusiyana kwa muyeso uwu ndi wa galimoto itaima pa matayala ake ndi mtunda umene tayala lingatsike kukafuna pansi m'dzenje. Nambala imeneyi isungeni, tiifuna posachedwa.

Dziwani zimene zili pansi pa galimoto yanu

Land Cruiser 80, Nissan Patrol Y61 ndi Defender yakale zili ndi ekiselo yathunthu kutsogolo ndi kumbuyo, zonse pa makoyilo, masipuling'i ozungulira aja. Land Cruiser 78 ndi 79 zinalandira makoyilo kutsogolo mu 1999, koma kumbuyo zinatsala ndi masipuling'i osanjikiza aja amati leaf spring. Izi zimapirira kukwezedwa. Ekiselo yonse imangotsikira pansi, ndipo zimene zimasokonekera zili ndi njira yodziwika yozikonzera.

Mapikapu amakono monga Hilux ya kuyambira cha m'ma 2005, Ranger ndi D-Max, komanso Prado, ali ndi IFS kutsogolo, kutanthauza kuti tayala lililonse limayenda palokha pa mikono iwiri, wapamwamba ndi wapansi. Apa m'pofunika kudekha. Ulendo wonse wa tayalalo, kuchokera pamwamba penipeni kufika pansi penipeni, unaikidwa kale ndi utali wa mikonoyo, ball joint (cholumikizira mkono ku mbali ya tayala) ndi CV (cholumikizira chopindika cha pa shafti yozunguza tayala). Mukakweza simuwonjezera ulendowo, mumangosuntha pamene tayala limapumira. Mamilimita 50 amene mwapeza pamwamba mwawachotsa pansi. Mukapitiriza, tayala limasowa pothawira: pa kadzenje kakang'ono limalendewera m'malere, mumamva "gu!" shock ikafika pamapeto, mphira wa CV umayamba kung'ambika m'makwinya mwake chifukwa shafti ikuzungulira itapindika. Pa IFS ine sindilola kuti mtunda wotsikira uja uchepere mamilimita 60, ndipo pa magalimoto ambiri zimenezi zimatanthauza kukweza pakati pa mamilimita 40 ndi 50 basi.

Ngakhale pa ekiselo yathunthu, mamilimita 50 ndi pamene ndimaimira pa galimoto ya maulendo. Amene amakweza 100 kapena kupitirira ali ndi zifukwa zawo, makamaka ngati masewera awo ndi kukwera miyala. Koma galimoto yodzaza, yokhala ndi tenti padenga, yoyenda tsiku lonse pa phula isanalowe m'tchire, imapendekera kwambiri pokhota ndipo imafika msanga pogubuduzika ikamadutsa cham'mbali pa malo otsetsereka. Komanso ikathyoka kutali, zitsulo wamba za galimotoyo zimakwanabe ngati simunapite patali ndi kutalika kwake koyamba. Malamulo a kukweza amasiyana dziko ndi dziko, choncho fufuzani a kwanu ndi a kumene mukupita, ndipo a inshuwalansi muwauze zimene mwasintha.

Njira zachidule, ndi chifukwa chake ndimazikana

Yotchipa kwambiri ndi spacer, kambale kachitsulo koika pamwamba pa strut, shock yomangidwa pamodzi ndi koyilo yake. Kamakwezadi, ndipotu kuposa kuchindikala kwake: popeza strut imakhala chamkati pa mkono wapansi, spacer ya mamilimita 25 imakweza galimoto pafupifupi kawiri. Vuto n'lakuti sipuling'i ndi yomwe ija yotopa, siinawonjezere mphamvu yosenzera bampala ndi winchi, ndipo strut yonse yatalika moti tayala likalendewera, chimene chimaligwira si shock ayi koma ball joint yapamwamba. Mukaona pa koyilo pali malo owala pamene penti yakhulika moyang'anizana ndi mkono wapamwamba, dziwani kuti zitsulo ziwirizo zikumenyana.

Body lift imakweza thupi lokha kulichotsa pa chassis. Imapatsa tayala malo, koma pansi pa chassis sipakwera ngakhale pang'ono, ndipo imakoka ndodo ya siteling'i, mapaipi ndi mawaya. Pa galimoto ya ma airbag sindingaiyese.

Ma Hilux akale a IFS ndi Land Cruiser 100 ali ndi torsion bar, ndodo yachitsulo yopotoka yogwira ntchito ya sipuling'i, ndipo kumanga bawuti yake kumakweza kutsogolo kwaulere. Pang'ono pongobwezera pamene bampala yatsitsa, palibe vuto. Kumanga mpaka kumapeto kumadya mtunda wotsikira wonse. Ma block oika pakati pa ekiselo ndi leaf spring amapatsa ekiselo mphamvu yopotoza sipuling'i ponyamuka ndi pogwira buleki, ndipo kutsogolo musawaike zivute zitani. Masipuling'i otopa owapinda ndi nyundo kapena ndi moto amaima bwino masiku ochepa, kenako amabwerera pomwe anali kapena kuthyoka. Matumba a mpweya othandizira kumbuyo ali ndi malo ake ngati katundu amasinthasintha, koma pa pikapu ya leaf spring amaunjika kulemera pamalo amodzi a chassis pamene sipanapangidwire zimenezo. Kuwapopa kwambiri pa double cab yolemera kumchira ndi njira yodziwika yopindira chassis kuseri kwa kabini.

Chimene ndimalimbikitsa ndi kusintha masipuling'i ndi ma shock pamodzi, zopangidwira galimoto yanuyo, zochokera kwa wopanga mmodzi kuti utali wake ugwirizane.

Kusankha masipuling'i

Tsegulani kope lija. Opanga monga Old Man Emu, Dobinsons, Ironman 4x4 ndi Tough Dog, onse a ku Australia, amalemba masipuling'i awo potengera katundu wowonjezera pa kulemera kwa galimoto yochokera ku fakitale. Kutsogolo amasiyanitsa a galimoto yopanda bampala yachitsulo, ya bampala yokha, ndi ya bampala ndi winchi. Kumbuyo amalemba makilogalamu, ndipo mawu ofunika kuwaonetsetsa ndi akuti constant, kutanthauza katundu wosatsika.

Apa ndi pamene ambiri amaphonya. Amaganizira tsiku lolemetsetsa la chaka, n'kugula masipuling'i a makilogalamu 600 osatsika, pamene miyezi yambiri galimoto imayenda yopanda kanthu. Zotsatira zake kumbuyo kumatukuka, galimoto imanjanja pa kabampu kalikonse, pa msewu wafumbi mchira umathawira cham'mbali chifukwa matayala sakukhala pansi. Kunjanja kumeneko kumamasula mabawuti ndi kung'amba zomangira. Sankhani potengera muyeso wachiwiri uja, wa masiku wamba, kenako muone ngati sipuling'i imeneyo ingathe kusenza wa tsiku la ulendo n'kutsalabe ndi mpata pa bump stop. Ngati miyeso iwiriyo yatalikirana kwambiri, funsani za masipuling'i a magawo awiri, ofewa poyamba n'kumalimba katundu akamachuluka. Ilibe katundu, galimoto iyenera kutukukako pang'ono kumbuyo, kuti ikadzaza ikhale yowongoka. Yowongoka ilibe kanthu imanjuta ikadzaza, nyale n'kumaloza kumwamba.

Ma shock

Sipuling'i payokha ikapanikizidwa imabwezera, n'kumangodumphadumpha. Shock ndi imene imailetsa, pokakamiza oyilo kudutsa m'timabowo ting'onoting'ono. Mphamvu yonse ya kugwedezekako imasanduka kutentha. Pa phula kutenthako n'kochepa. Koma pa msewu wafumbi uja wamizeremizere ngati malata, shock imalowa ndi kutuluka kambirimbiri pa sekondi kwa maola, oyilo amatentha, amachita thovu, ndipo thovu silingaletse kanthu. Mumangomva galimoto yayamba kuyandama ndi kuvina kumbuyo, pamene m'mawa inali bwinobwino. Mukaima, yandikizani dzanja pa shock iliyonse mosaigwira, chifukwa imawotcha. Zonse zikhale zotentha mofanana. Imene ili yozizira pakati pa zinzake zotentha ndiye kuti yafa, siikugwiranso ntchito.

Ndiye posankha ndimayang'ana kuchuluka kwa oyilo ndi mmene shock imatayira kutentha. Ya twin-tube ili ndi mapaipi awiri, wina mkati mwa mnzake. Mwala ukafinya paipi yakunja pang'ono, pisitoni imayendabe, n'chifukwa chake ndimaikonda kumbuyo kumene miyala yothamangitsidwa ndi matayala akutsogolo imagwera. Ya monotube, monga zambiri za Bilstein, ili ndi paipi imodzi ndipo mpweya wa nitrogen unalekanitsidwa ndi oyilo, choncho siichita thovu msanga ndipo imazizira bwino, koma paipiyo ikafinyika pisitoni imakakamira. Za thanki yapadera, monga za Fox ndi King, zimanyamula oyilo wambiri ndipo zimakonzeka, koma zimafunanso kuzimasula ndi kusintha oyilo ndi masilu nthawi ndi nthawi. Ngati mumayenda mofatsa ndipo kumene mukupita kulibe wozidziwa, twin-tube yonenepa yabwino ikukwanirani.

Utali wa shock ndi wofunika kuposa dzina lake. Ili ndi miyeso iwiri, itatambasuka ndi itapanikizika. Yaifupi kwambiri imakokedwa nthawi iliyonse tayala likatsika mpaka diso lake kuduka. Yaitali kwambiri imafika pamapeto ekiselo isanakhudze bump stop, ndiye kulemera konse kwa galimoto kumagwera pa shock ndi pomangira pake. Pa makoyilo, shock yaitali imathanso kulola ekiselo kutsika mpaka koyilo kusololoka pa mpando wake. Mukaika ma shock ataliatali, talikitsaninso ma bump stop.

Zimene zimasokonekera mukakweza

Pa ekiselo yathunthu yogwiridwa ndi ma radius arm, mikono yochokera pa chassis kukagwira ekiselo, kukweza kumapotoza ekiselo ndipo caster imachepa, pafupifupi madigiri 2 pa mamilimita 50. Caster ndi imene imabweza siteling'i pakati mukamaliza kukhota. Ikachepa galimoto imasochera mumsewu, mumangokhalira kuiwongola, pofika madzulo mapewa ali ndwii. Mankhwala ake ndi mabushi kapena mapuleti obwezera caster. Panhard rod, ndodo yopingasa yoletsa ekiselo kupita cham'mbali, imakokera ekiselo mbali imodzi. Lendewetsani chingwe chomangirira nati kuchokera pa madigadi mbali zonse ziwiri, muyeze kufika pa tayala. Pa mamilimita 50 kusiyanako kumakhala kochepa, koma kukakula mufunika Panhard yosinthika utali. Ndipo mabushi a Panhard kapena zolumikizira siteling'i zikakhala zotha, kukweza kumaulula vutolo: mukagunda bampu pa liwiro linalake kutsogolo konse kumanjenjemera koopsa. Steering damper, shock ya siteling'i, yatsopano imangobisa. Sinthani zothazo.

Pa IFS, camber (kupendekera kwa tayala mkati kapena kunja) ndi caster zonse zimasuntha, ndipo nthawi zina mabawuti osinthira amathera panjira asanabweze manambala. Pamenepo m'pamene mikono yapamwamba yatsopano imafunika. Musaigule pongomva. Dikirani pepala la alignment likuuzeni.

Tsopano mabuleki, ndipo apa ndikupemphani musadumphe. Tayala likalendewera mpaka pamapeto, paipi yamphira ya buleki ikhalebe yokhwefuka. Chimodzimodzi waya wa ABS, waya wa handibuleki ndi kapaipi kopumira difu. Magalimoto akale ambiri, makamaka opanda ABS, ali ndi valavu kumbuyo yolumikizidwa ku ekiselo ndi kandodo, imene imaonjezera mphamvu ya mabuleki akumbuyo galimoto ikatitimira ndi katundu. Mukakweza, valavuyo imayesa kuti galimoto ilibe kanthu nthawi zonse, n'kumachepetsa mabuleki akumbuyo pamene mwadzaza. Kachitsulo kokwezera pomangira kandodoko ndi kakang'ono zedi, koma ndi kamene kamabwezera mabuleki anu.

Mukamva kunjenjemera ponyamuka kumene kunalibe kale, kawirikawiri ndi propshaft, shafti yopititsa mphamvu ku difu, imene yapendekera. Pa ya zidutswa ziwiri, kutsitsa pang'ono beling'i yapakati kumathetsa.

Tsiku lomanga

Yambani masiku angapo m'mbuyo pothira mafuta omasulira dzimbiri pa mabawuti onse. Pa tsikulo, galimoto ikhale pamalo olimba, matayala otsala pansi atsekerezedwe, chassis ikhale pa ma stand achitsulo. Jeke ndi yokwezera ndi kutsitsira ekiselo basi. Musalowetse thupi pansi pa galimoto yogwiridwa ndi jeke yokha, ngakhale kwa mphindi imodzi.

Koyilo ya pa strut yakutsogolo imakhala itapanikizidwa ndi mphamvu ya makilogalamu mazanamazana. Timabawuti tija topanikizira koyilo za magalimoto ang'onoang'ono timatha kupulumuka pa koyilo yolimba ya 4x4, ndipo yapulumuka imathyola dzanja kapena nkhope. Tengani ma strut kwa makaniko amene ali ndi chopanikizira chachikulu chomangirira kukhoma, kapena gulani omangidwa kale. Nati yapakati pamwamba pa strut musaimasule koyilo isanagwiridwe.

Werengani zolembedwa pa masipuling'i. Ambiri amasiyana kumanja ndi kumanzere chifukwa mbali ya dalaivala, thanki ndi batire imalemera kuposa inzake. Leaf spring nayo ili ndi kutsogolo ndi kumbuyo kwake, chifukwa bawuti yapakati nthawi zambiri siikhala pakati penipeni. Mutu wa bawutiyo ulowe bwino m'bowo la pa ekiselo musanamange. Ma U-bolt, mabawuti opindika omangira leaf spring pa ekiselo, ikani atsopano, akale anatamuka kale, ndipo mangani manati mopingasana pang'onopang'ono. Mabushi a polyurethane apakeni gilizi amene wabwera nawo. Amphira musawapake gilizi wamba, amawononga mphira.

Ndipo nachi chimene chimapha mabushi atsopano m'miyezi yochepa. Bushi yamphira siizungulira pa bawuti, imapotoka mkati mwake. Mukaimanga tayala likulendewera, galimoto ikatsika pansi mphirawo umakhala wopotoka nthawi zonse mpaka kung'ambika. Choncho mabawuti onse odutsa m'mabushi, a ma shackle (zolendewetsera mapeto a leaf spring), mikono, Panhard ndi maso a ma shock, ingowagwiritsani. Tsitsani galimoto pa matayala ake, igwedezeni, iyendetseni pang'ono kutsogolo ndi kumbuyo, kenako mangitsani ndi torque wrench motsatira manambala a m'buku la galimotoyo.

Ikatsika pa ma stand

Yezaninso ngodya zonse zinayi, ndi mtunda wotsikira wa kutsogolo. Pitani ku alignment msanga, galimoto ili ndi katundu wake wa masiku onse, ndipo pemphani pepala la manambala kuti muone caster ndi maso anu, chifukwa ena amangokonza toe, kuloza kwa matayala mkati kapena kunja, n'kukubwezerani makiyi. Tsitsani kumene nyale zikuloza. Ngati galimoto ili ndi kamera kapena radar yothandiza kugwira buleki, iyenera kukonzedwanso kuti igwirizane ndi kutalika kwatsopano. Ngati mwasintha matayala kupita pa aja a mamilimita 803, dziwani kuti wotchi ya liwiro iziwerenga mochepera ndi 3 pa 100 iliyonse poyerekeza ndi kale, giya yoyamba italikirako, ndipo mabuleki agwira ntchito yokulirapo.

Kenako pezani ngalande yosazama. Lowani mopingasa pang'onopang'ono mpaka tayala limodzi litalowa m'madigadi, lina likulendewera. Imani, mangani handibuleki, muzungulire galimoto mukuyang'ana. Kodi tayala likukhula pati? Paipi ya buleki yakokeka? Koyilo idakali pa mpando? Bwerezani mbali inayo, komanso siteling'i itakhotetsedwa mpaka kumapeto. Ine ndimapaka kadontho ka gilizi pansonga pa bump stop iliyonse ndisanayende ulendo woyesera galimoto itadzaza. Ndikabwerako, ngati gilizi wadinda pa ekiselo nditangodutsa pa mabampu wamba, masipuling'i afewa kapena katundu wachuluka. Ngati wadinda pokhapokha nditagwera m'dzenje lenileni, zili bwino, ndi ntchito yake.

Masiku oyamba yendani mofatsa mpaka manja azolowere. Galimoto yokwera imapendekera mochedwa koma mozama, ndipo kukhotetsa mwadzidzidzi pozemba chinthu pamsewu n'kumene kumagubuduza. Sway bar, ndodo yochepetsa kupendekera pokhota, musaichotse pa galimoto yonyamula katundu padenga. Pa msewu wafumbi phwetsani matayala pang'ono ndi kuchepetsa liwiro, tayala lofewa limameza timabampu tating'ono ma shock n'kupumako, koma mukabwerera pa phula popaninso.

Mukayenda makilomita pafupifupi 500, masipuling'i amakhala atakhazikika ndipo galimoto imatsikako pang'ono. Mangitsaninso ma U-bolt ndi mabawuti ena onse, chifukwa penti ya pakati pa ma leaf ikaphwanyika manati amakhwefuka, ndipo U-bolt yokhwefuka ndi imene imadula bawuti yapakati. Ndi choko kapena penti lembani kamzere kodutsa pa nati ndi chitsulo chapambali pake, kuti m'mawa uliwonse pa ulendo mungosuzumira n'kuona ngati nati yayenda. Pa shock, kachifunga kochepa ka oyilo kogwira fumbi si vuto, koma oyilo woyenderera mpaka pansi ndiye kuti silu yapita.

Zakale zimene mwachotsa musataye zonse. Shock yakumbuyo imodzi imene idakali ndi mphamvu, yokulunga bwino, ingakufikitseni kumene kuli thandizo ngakhale ili yaifupi, bola muziyenda pang'onopang'ono. Onjezerani mabushi a ma shock ndi mawashala ake, U-bolt imodzi ndi manati, bawuti yapakati ya leaf spring, ndi masipanala amene mwaona kuti akukwana pa zitsulo zatsopanozo, chifukwa manati ake nthawi zina amasiyana saizi ndi a ku fakitale.